A Febian Njobvu Sasaina Chimene Zala Zao Sizinawelenge

Bambo Febian Njobvu amakhala m'mudzi wa Kalimbe, ulendo wa maola awili pansi kuchokela pa boma la Nyimba. Kwao kwenikweni ndi ku Msanzala, m'dela la Petauke. Ku Kalimbe anabwela kuchikamwini, kutsatila akazi ao amai Jennipher, amene mudzi wonse umawatchula kuti anyina Tamandani. Ndi munthu wamtali, wa mau otsika, ndipo chaka chino akwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zitatu. Maso ao anazima ali ndi zaka zisanu ndi ziwili, pamene chikuku chinalowa m'mudzi mwao ndi kutenga ana anai. Iwo chinawasiya amoyo.

Achibale anali atagamula kuti nchito ya mwanayo pa dziko idzakhala yokhala pambali pa mphasa ndi kuingitsa nkhuku pa ufa. Anaigwiladi nchitoyo zaka ziwili, ndipo a Njobvu amanenetsa kuti palibe nkhuku imene inajomphapo. Koma katekisiti wina wa ku Minga, amene anali kuzungulila midzi pa njinga, anakhala pansi ndi amalume ake masana onse mpaka anavomela kuti mwanayo apite kusukulu ya ana osaona, kutali chakum'mawa. Kumeneko anaphunzila zilembo za madontho, zimene aphunzitsi anali kuzitchula kuti buleilo: timadontho totukuka pa pepala lolimba, chilembo chilichonse ndi kaimidwe kake. Polemba anali kubaya pepala ndi kachitsulo kuyambila kudzanja lamanja, kuti akalitembenuza madonthowo aime bwino pansi pa chala. Miyezi itatu yoyamba chala sichinamve kanthu koma nsungu zokhazokha. M'mwezi wachinai anawelenga mzele wathunthu popanda womuuza, ndipo anaubweleza kakhumi mpaka mphunzitsi anamulanda pepalalo kuti lisaphwe.

Atamaliza sukulu anaphunzila nchito ya pa makina olumikiza lamya, ndipo mu 1983 analembedwa pa ofesi ina ku Petauke. Zaka makumi awili ndi chimodzi anakhala m'kachipinda kopanda zenela, popeza akuluakulu anati zenela lilibe phindu kwa iwo. Anali kudziwa munthu aliyense woimba asanatchule dzina, ndipo manambala oposa mazana atatu anali nao pamtima. Kenako kunabwela mafoni a m'manja, ndipo makina aja anayamba kukhala duu kuyambila m'mawa mpaka nthawi yoweluka.

Tsiku lina mu 2004 anaitanidwa kuti asaine pepala. Kalaliki anawawelengela ndime ziwili zoyamba, zonena kuti makina akuchotsedwa ndi kuti a Njobvu akuyamikidwa chifukwa cha nchito yao yabwino.

"Kunsiku ndi za masiku onse, bambo," anatelo kalalikiyo, nawagwila dzanja, naliika pa mzele.

Iwo anasaina. Patapita mwezi anauzidwa kuti m'ndime yachinai anavomela kusiya nchito mwa kufuna kwao, ndi kuti anakana malo ena amene anawakonzela ku Chipata. Za malo a ku Chipata anali asanamvepo. Anayenda maofesi atatu kudandaula, ndipo kulikonse anafunsidwa funso limodzi: "Kodi siginecha iyi si yanu?" Inali yao. Kalalikiyo samutchula dzina, ndipo amati mwina nayenso sanafike ku ndime yachinai. Koma kuyambila chaka chimenecho anadziikila lamulo, kuti dzina lao silidzapitanso pansi pa mau amene zala zao sizinadutsepo.

Anakweza katundu pa lole napita ku Kalimbe. Mwa katunduyo, makatoni khumi ndi awili anali a mabuku, chifukwa buku limene munthu woona amaliika m'thumba, la madontho limadzaza dengu. Apongozi ao ataona makatoniwo anakondwa, poganiza kuti mkamwini wabweletsa sopo ndi mchele. Mabukuwo sanakhalitse. Chiswe chinadya makatoni asanu dzinja limodzi, chinyontho chinaphwetsa madontho a ena, ndipo otsalawo anatha ndi chala chao chomwe. Mabuku atsopano anali kubwela kamodzi pa zaka zitatu, nthawi zina theka lachiwili popanda loyamba.

Kulima anayesa, koma chimene chinawagwila mtima ndi njuchi. Anaphunzila kwa alamu ao kupachika ming'oma ya makungwa m'nkhalango ya kuseli kwa mudzi, ndipo posakhalitsa anawapambana. Amatsamiza khutu pa mng'oma ndi kudziwa ngati njuchi zili pa mtendele kapena zataya mfumukazi. Amaukweza pang'ono ndi dzanja ndi kunena kuti ufulidwe sabata ino kapena ya mawa. Alimi makumi awili ndi atatu atapanga gulu la njuchi mu 2021, anasankha a Njobvu kukhala wapampando. Kwa munthu wosaona, wokhala m'mudzi wa akazi ake, mpando umenewo sunali chinthu chaching'ono. Unali malo okha m'Kalimbe pamene anthu anali kudikila kuti iwo alankhule poyamba.

Chaka chotsatila, bungwe la anthu osaona linawaitana ku maphunzilo a sabata imodzi, ndipo anabwelako ndi makina aang'ono, opepuka kuposa njelwa. Pamwamba pake pali mzele wa timisomali tofewa timene timatukuka ndi kubwelela, kupanga zilembo makumi awili pa nthawi imodzi. Munthu akawelenga mzelewo amadina batani, timisomali timagwa ndi kudzukanso ndi mau otsatila. Mabuku amakhala m'kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Mwana wao Tamandani, amene amaphunzitsa pa sukulu ina ku Nyimba, ndiye amatenga mafailo pa foni ndi kuwaika m'kakhadimo. Makinawo amatchajidwa pa sola ya padenga. Sabata yoyamba a Njobvu anawelenga buku la kaweta njuchi lonse kawili, ndipo anyina Tamandani anadandaula kuti m'nyumba mwalowa mkazi wachiwili.

Makinawo ali ndi chofooka chimodzi. Amawelenga mau olembedwa pa kompyuta, koma chithunzi cha pepala sangachiwelenge. Kwa iwo chithunzi cha kalata ndi chithunzi cha mbuzi n'zofanana.

Mu Okutobala chaka chatha, bungwe lina losamalila nkhalango, limene lili ndi ofesi ku Nyimba, linalonjeza gulu la Kalimbe ming'oma ya matabwa makumi anai ndi chilolezo chopachika m'chigawo china cha nkhalango. Panafunika pangano la masamba khumi ndi anai, m'Chizungu, losainidwa ndi wapampando. A Njobvu anapempha kuti panganolo litumizidwe pa foni ya Tamandani. Linabweladi, koma linabwela monga zimabwelela zonse za pa ofesi imeneyo. Mlembi amataipa pa kompyuta, amasindikiza pa pepala, bwana amadinda chidindo tsamba lililonse, ndipo mthenga amajambula mapepalawo ndi foni n'kutumiza. Kumeneko chinthu chopanda chidindo sichituluka pakhomo. Tamandani anaika zithunzi khumi ndi zinai m'kakhadi, ndipo makina anatulutsa maina ake okha, kenako zii. Anayesanso foni yake imene imatha kuwelenga zithunzi mokweza, koma masamba ena anajambulidwa mopendama, ena chidindo chinagwela pa mau, ndipo pa tsamba lachisanu panali chala chachikulu cha mthenga. Foniyo inabwebweta zosamveka.

A Njobvu anapita ku ofesi kawili kukapempha failo yeniyeni ya pa kompyuta. Kawili konse anabwezedwa mwaulemu. Tsiku lomaliza kusaina linali Lachisanu, ndipo a ku ofesi ananenelatu kuti likadutsa, ming'omayo ipita ku gulu lina.

Lolemba la sabata imeneyo gulu linakumana pa chisakasa cha tchalitchi. Wachiwili kwa wapampando, a Stanislaus Mumba, mbadwa ya m'mudzimo, anaimilila asanapatsidwe mpata.

"A Njobvu, tisazungulile. Ming'oma makumi anai ikutidutsa pamphuno chifukwa cha chala chanu. Mwana wanu ndi mphunzitsi. Akuwelengeleni, musaine, tipume."

"Tamandani ndimamukhulupilila kuposa inu nonse pamodzi," anayankha a Njobvu, ndipo ena anaseka. "Koma akafika pa tsamba lachisanu ndi chinai atatopa, adzati kunsiku ndi za masiku onse, monga amachitila munthu aliyense. Ndipo mawa akadzasamutsidwa kupita ku Kitwe, ndidzabweleka mwana wa yani?"

"Nanga ife tonse timasaina bwanji? Ine folomu ya feteleza sindinaiwelengepo chibadwile!"

"Inu simuwelenga chifukwa simufuna. Ine ndikufuna, koma akundibisila. Mauwo alipo, ali pa kompyuta ya ku Nyimba. Sindikupempha kuti andilembele zatsopano."

Mai wina wachikulile analankhula kumbuyo, akuitana a Njobvu ndi dzina la mwana wao. "Awisi Tamandani, ife tikumva. Koma njuchi sizidikila kompyuta. Zimalowa m'ming'oma mvula isanagwe."

Anakambilana mpaka dzuwa linapendeka, ndipo anagwilizana chimodzi. Ngati a Njobvu sasaina pofika Lachisanu masana, a Mumba akasaina m'malo mwao, ndipo mpando ukhala wa a Mumba kuyambila pomwepo. Manja anakwezedwa. A Njobvu anafunsa kuti ndi angati, ndipo anauzidwa kuti khumi ndi asanu ndi atatu.

Pobwelela kunyumba anyina Tamandani anayenda patsogolo mpaka pa mjigo.

"Mpando ukapita, mudzakhala ndani m'mudzi muno?" anafunsa. "Abale anga ndimawadziwa. Mudzabwelela kukhala uja wa kwa a Jennipher."

"Ndikudziwa."

"Ndiye?"

"Ndiye Lachisanu muchape malaya anga oyela. Tikupita ku Nyimba."

Anafika pa ofesi nthawi ya 9 koloko. Pabenchi panali kale anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi pepala lofuna chidindo. Mkulu wa pa ofesiyo ndi a Edmond Sampa, Mubemba wa ku Kasama, munthu wonenepa, wokonda kuseka, amene watha zaka zinai ku Nyimba. Pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa pali chimbuya. Akakumana amanyozana poyela, Abemba kunena za mbeba, a kum'mawa kunena za anyani, ndipo mbuya angathe kulanda chipewa cha mnzake kapena nkhuku ya pabwalo popanda mlandu. Wokwiya ndi mbuya wake ndiye amasekedwa.

"Ah, ba Njobvu!" anafuula a Sampa. "Mbeba zatha kumunda kuti mufike m'mamawa chonchi?"

"Ndabwela kudzamva ngati kolwe, nyani wa ku Kasama, waphunzila kukhala pa mpando, kapena akulendewelabe pa denga."

"Khalani, kapolo wanga, khalani. Mwabwela ndi dzanja losainila?"

"Ndabwela ndi kakhadi."

A Sampa anausa moyo. "Mbuya, ndinakuuzani kale. Failo ya pa kompyuta ilibe chidindo. Ndikakupatsani, wina akhoza kusinthamo mau, n'kumanena kuti zachokela kuno. Lamulo limeneli si langa, ndi la ku likulu. Koma ine ndine munthu wabwino. Ndikuwelengelani ndekha, pang'onopang'ono, mwaulele."

"Inunso mudzatopa."

"Ndiye gulani foni yolankhula! Zamadonthozi zinatha, mbuya. Masiku ano munthu amangotchela khutu, makina amamuuza zonse."

"Ana anu alipo angati, a Sampa?"

"Atatu."

"Kunyumba kuli wailesi?"

"Ilipo, ndi TV yomwe."

"Ndiye mawa muwachotse kusukulu. Aphunzililanji kuwelenga pamene wailesi imalankhula?"

Anthu a pabenchi anaseka. Amai Likando, mlembi wa pa ofesiyo, Mlozi wa ku Mongu amene sakhudzidwa ndi chimbuya chimenechi, anakhosomola kuseli kwa kompyuta yao. A Sampa anaseka nao, koma anati a Njobvu adikile kaye athandize ena, ndi kuti aganize bwino, chifukwa a Mumba anaimba kale kuti afika 2 koloko.

A Njobvu anakhala pa mpando wa kutsogolo kwa tebulo, ndodo pakati pa miyendo. Munthu woyamba anapeleka pepala. Kunamveka "du!" pa inki, "du!" pa pepala, kenako "go!" chidindo chikuikidwa pansi, ndipo supuni ya m'kapu ya tiyi inalila pang'ono. Wachiwili chimodzimodzi: du, du, go, ndi supuni. A Njobvu, amene anatha zaka makumi awili ndi chimodzi akugwila nchito ndi makutu, anadziwa kuti chidindocho chimakhala kudzanja lao lamanzele, pafupi ndi kapu, mkono umodzi kuchokela m'mphepete mwa tebulo. Wachitatu atalandila pepala lake, anatambasula dzanja modekha, monga amachitila potola chisa cha uchi, nachitenga chidindocho, nachiika m'thumba la malaya, nagwilapo.

"Iwe!" anakuwa a Sampa. "Mwe bantu, mwaona? Mbeba yaba chidindo!"

"Sindinabe. Ndalanda pamaso pa mboni. Ndine mbuya wanu."

"Bwezani, ba Njobvu, musasewele ndi chimenecho."

"Mukuchifunilanji? Mapepala muli nao, mau ali pomwepo, maso muli nao. Apatseni anthuwa azipita."

"Pepala lopanda chidindo ndi lopanda nchito!"

"Ndi mmene alili masamba khumi ndi anai amene munanditumizila. Ndakhala nao masabata awili. Inu mwakhala mphindi imodzi, ndipo mwayamba kale kutuluka thukuta. Ndikulimva kuno."

Mwamuna wina pabenchi anati iye akufulumila, ali ndi minibasi yoti akwele. Mai amene anakhala naye pafupi anamuuza kuti akhale chete, chifukwa zimenezi sizioneka tsiku lililonse. Mthenga anaima pakhomo nafunsa ngati aitane apolisi.

"Aitaneni," anatelo a Njobvu. "Akalembe m'buku kuti Mubemba wamangitsa mbuya wake wosaona. Pofika madzulo nkhani idzakhala itafika ku Kasama, ndipo amai anu adzakukanani pa wailesi."

"Palibe za apolisi, choka apo!" a Sampa anakalipila mthengayo.

Anyina Tamandani, amene anali chikhalile pabenchi manja ali pachifuwa, analankhula koyamba. "Awisi Tamandani, inki ikudutsa m'thumba. Malaya amenewo ndinachapa ndi sopo wa mtengo wapatali. A Sampa, chonde apatseni chimene akufuna. Munthuyu ndakhala naye zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo agona pano ngati simutelo."

A Sampa anakhala pansi. Kuseka kunali kutatha m'mau mwao. "Mbuya, tilankhule ngati akuluakulu. Tinene kuti ndakupatsani failo. Mudzadziwa bwanji kuti zimene mwawelenga ndi zimene zili pa pepala limene mudzasaina? Chala chanu sichimva inki. Pamapeto pake mudzakhulupililabe munthu."

Funsoli linawagwila a Njobvu. Linali funso loona, ndipo m'masabata awili aja anali asanaliganizile mpaka kumapeto.

"Mapepala munasindikiza kale aja muwang'ambe," anatelo potsiliza. "Failo imene ilowe m'kakhadi kanga ikhale yotsegula pa kompyuta mpaka ndimalize. Ndikamaliza, amai Likando asindikize yomweyo ine ndili pano, ndikumva makina, ndikulandila tsamba lililonse m'manja. Akazi anga Chizungu sadziwa, koma manambala a masamba amawadziwa. Anthu akafuna kundinamiza pamenepo, afunika kukhala atatu ogwilizana, ndi kuchita dala. Kalaliki uja wa ku Petauke sanachite dala. Anangotopa."

"Failo ili pano, bwana," anatelo amai Likando mwakachetechete. "Ndinataipa ndine. Sikutuluka pakhomo, ikungopita pa tebulo ilo. Lamulo limanena za pakhomo."

A Sampa anayang'ana anthu a pabenchi, anayang'ana wochi ya pakhoma, kenako anakupiza dzanja. "Apatseni. Koma mukauza anthu kuti ndagonja kwa wodya mbeba, ndidzakana."

Amai Likando analandila kakhadi, ndipo nchito imene inakanika masabata awili inatha madzi a tiyi asanawile. A Njobvu anatulutsa makina m'chikwama, nalowetsa kakhadi, nadina. Timisomali tinadzuka pansi pa chala, ndipo anawelenga mokweza mutu wa panganolo ndi dzina la gulu la Kalimbe. Atatelo anatulutsa chidindo nachiika pa tebulo, pafupi ndi kapu, pamalo pake penipeni.

Anayamba kuwelenga nthawi ya 10 koloko itapitilila. Masamba khumi ndi anai, zilembo makumi awili pa nthawi imodzi, ndi ulendo wautali. Anthu a pabenchi anadindilidwa napita, kunabwela ena. Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi anaima. Pamenepo panali mndandanda wa mamembala wolembedwa m'timabokosi, ndipo makina anasakaniza maina, midzi ndi manambala a ziphaso mu mzele umodzi wosatha. Amai Likando anachotsa timabokosito pa failo, naika munthu aliyense pa mzele wake, nabwezela m'kakhadi. Anati sanadziwe kuti timabokosi timasokoneza, ndipo analemba zimenezo pa kapepala namata pa kompyuta.

Nthawi ya nkhomalilo a Sampa anapita kukadya. A Njobvu anakana kunyamuka. Anyina Tamandani anagula nthochi pa mseu nawasendela, iwo akudya ndi dzanja limodzi, lina lili pa makina. Chala cholozela chitachita dzanzi, anasinthila chapakati.

A Mumba anafika 2 koloko ndi bolopeni m'thumba, napeza wapampando ali pa tsamba lakhumi.

"Masana akwana, a Njobvu. Tinagwilizana."

"Masana amatha dzuwa likalowa. Khalani apo mumve, popeza nanunso simukudziwa zimene munabwela kudzasaina. Mukudziwa kuti ming'oma ya makungwa tiyenela kuitsitsa yonse pasanathe miyezi isanu ndi umodzi?"

"A bungwe ananena kuti tisiye kusenda makungwa atsopano."

"Ananena. Koma analemba zoposa pamenepo. Ndime 17. Yanu ilipo ingati m'nkhalango, khumi ndi iwili?"

A Mumba anakhala pansi.

A Njobvu anafunsa mafunso atatu onse pamodzi. Awili a Sampa anayankha bwino. La ming'oma ya makungwa anati sangasinthe, koma anaonetsa kuti ndime yotsatila imalola gulu kupempha nthawi yoonjezela ngati njuchi zachedwa kulowa m'ming'oma yatsopano. A Njobvu anabwelela m'mbuyo, naiwelenga ndimeyo kawili, navomela kuti ilidi choncho. Anafika pa mzele womaliza nthawi ili pafupi kukwana 4 koloko.

"Nanga mwapezamo njoka?" anafunsa a Sampa.

"Mulibe."

"Mwaona! Tsiku lonse lapita pachabe. Ndinakuuzani kuti mulibe."

"Munandiuza. Tsopano ndikudziwa. Amai Likando, sindikizani."

Makina osindikizila analila kakhumi ndi kanai. Tsamba lililonse linapita m'manja mwa a Njobvu likali lofunda, anyina Tamandani akutchula nambala yake, kenako kwa a Sampa kuti adinde. Pa tsamba lomaliza a Njobvu anatulutsa kakatoni kao kobooka pakati, amai Likando anakaika pa mzele, ndipo anasaina dzina lao lonse mosafulumila. A Mumba anasaina pansi pake monga mboni.

Ming'oma inafika ku Kalimbe mu Novembala, mvula yoyamba itagwa kale, ndipo isanu ndi inai njuchi sizinalowemo chaka chimenecho. Ena m'gulumo amanenabe kuti ikanafika msanga wapampando akanapanda kuuma mutu. A Njobvu satsutsa. Mpando akali nao, ndipo pa msonkhano uliwonse pangano likatchulidwa amatsegula makina ndi kuwelenga ndime yofunikayo, akumasulila m'Chinsenga.

Lamulo la pa ofesi silinasinthe. Kalata ya mu Januwale inabwelanso pa foni ya Tamandani ngati chithunzi, ndipo a Njobvu anayenela kupita ku Nyimba ndi kakhadi kuti amai Likando awaikile. Chifukwa cha ichi analemba kalata ya ku likulu la bungwelo, pa makina ao omwewo, yopempha kuti chikalata chilichonse chotuluka ndi chidindo chizituluka pamodzi ndi failo yake ya mau, yopanda timabokosi, kwa aliyense wowelenga ndi zala. Anafotokozamo kuti m'maboma a Nyimba ndi Petauke alimo ena osaona amene adzakhala ndi makina otele m'zaka zikudzazi, ndi kuti si onse amene adzapeza mbuya pa tebulo. A Sampa anailandila kalatayo, naidinda kuti yafika, naitumiza.

Yankho silinabwele. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse a Njobvu amapita kukafunsa. Amakhala pa mpando womwe uja, ndodo pakati pa miyendo, ndipo a Sampa akangomva ndodoyo pakhonde amatsegula dilowa, amaikamo chidindo, ndi kukiya.